Ndasinthitsa Njinga ndi Kompyuta Yosweka

Kamwendo,
Mchinji.
14 Juni 2024.

Okondedwa achimwene anga a Alufeyo,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse kumeneko ku Zomba. Kuno tilipo, kungoti chaka chino kwazizira modetsa nkhawa, moti m'mawa zala zimachita kukana kutambasuka. Anthu akolola, mtedza uli mbwee m'mabwalomu, ndipo mumsewu mukungomveka malole a fodya opita ku okushoni. Ine shuga ndikulimbana naye monga mwa masiku onse. Mankhwala sindikudumphitsa, ndipo bala lapamkono lija linapola, patsala chipsera chokha.

Musathamangire kufunsa kuti kalatayi wandilembera ndani. Palibe. Ndalemba ndekha, ine Esitele mlongo wanu, yemwe uja munamusiya pa Pasaka ali pamkeka akufufuza kapu ndi manja. Maso sanabwerere ayi, akadali chizimire. Khalani pansi ndikufotokozereni, ndipo ngati mukufuna kukalipa muyambe mwafika kumapeto, chifukwa sindikukana, chokalipira chilimo.

Mawu anu ndinawamva. Munati kutha kwa mwezi uno mubwera ndi galimoto kudzanditenga, nyumba ino tiikemo anthu a lendi, ine ndikakhale kwanu. Simunalakwe. Mwini mbumba ndinu, amayi anapita, bambo a m'nyumba muno anapita, ana Mulungu sanandipatse. Munthu wosaona akapsa ndi madzi a tiyi ali yekhayekha m'nyumba, anthu aloza chala yani ngati si inu? Pamaso panu ndinavomera. Koma mutangokwera minibasi ndinalowa kuchipinda n'kulira ngati mwana. Sikuti kwanu n'koipa. Ndinaopa kukhala munthu amene m'mawa amamutulutsa padzuwa, madzulo n'kumulowetsa, ngati ufa woyanika. Kuno mapazi anga amadziwa pali chitseko ndi pali dzenje, ndipo munthu akadutsa panjira n'kupereka moni ndimadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje. Ku Zomba ndikakhala mlendo mpaka tsiku lolowa m'manda.

Nkhani yonse inayambira kutchalitchi. Mukudziwa kuti moyo wanga wonse ndinadya za zala, kutayipa mu ofesi ya sukulu ya mishoni mpaka kupuma. Mwina mukukumbukanso madandaulo omwe ndinkabwera nawo patchuthi okhudza Sisitere Consolata amene anatiphunzitsa ntchitoyi. Ankatifunditsa nsalu pamanja kuti tisaone mabatani, n'kumayenda kumbuyo kwathu akunena kuti, "Maso papepala, atsikana, zala zidzionere zokha." Tinkawada mayi amene aja, Mulungu awalandire. Tsono zalazi sizinamve kuti mwini wake anapuma ntchito. Wowerenga akayamba kuwerenga Mawu kutsogolo, izo zimayamba kugunda pabondo, kutayipa chilichonse chimene khutu lamva.

Amene anazindikira ndi Tiyanjane, msuweni wathu uja, mwana wa amalume a Vitus, amene amandigwira mkono popita kumapemphero. Pakamwa pake mukupadziwa. Tikutuluka anandifunsa anthu akumva kuti, "Kodi iwe, Misa yonseyi umakanda chiyani pabondopo? Wayamba mphere?"

Nditamuuza anaseka mpaka kutsokomola. Titafika kunyumba anati, "Nanga bwanji osapeza makina? Iwe uzitayipa, ine ndizikuyang'anira pagalasi, ukalakwitsa ndizikutsina. Pamsika pano anthu amasowa wowalembera makalata ofunsira ntchito, mapologalamu a ukwati, malamulo a banki mkhonde. Achimwene ako akadzaona kuti ukudzidyetsa wekha adzakusiya."

Usiku ndi usana mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Koma kompyuta yatsopano, ngakhale ya kaunjika yoyenda bwino, ndi penshoni yangayi? Ndinakauza a Joe, aja okonza mafoni ndi mawailesi m'kontena ya pafupi ndi siteji ya kabaza, omwenso amaimba besi m'kwaya. Anati azimvetsera mphepo. Tsiku lina lamsika anabwera okha kudzanditenga, akupuma wefuwefu, akuti kwabwera wamalonda wa ku Zambia ndi laputopu yomwe inagwa panjinga yamoto, galasi lonse n'kusweka.

Achimwene, ndikanakonda mukanaona, kapena ndinene kuti mukanamva, mmene a Joe anaipimira. Anayamba n'kuinunkhiza. Ndinamva mphuno ikugwira ntchito ndipo ndinaganiza kuti akusewera, koma anati chinthu chikapsa mkati fungo silibisala. Kenako anamufunsa munthuyo mafunso ngati wapolisi. Inamwapo madzi? Akuti ayi. Mwini wake ndani? Akuti amalume ake, mphunzitsi wopuma wa ku Chipata. A Joe sanakhutire, anamuimbitsa foni pomwepo, mkuluyo n'kuyankha yekha, n'kutchula mawu achinsinsi otsegulira. Atailumikiza kumagetsi ndinamva kamphepo kakuyamba kulira mkati, mokhala ngati kali ndi chifuwa.

"Amayi," anatero a Joe, "mtima uli moyo. Yomwe inamwa madzi kapena yakuba sindikanakulolani n'komwe kuyandikira. Koma ndinene lero kuti mawa musadzandigwire pakhosi. Iyi ndi yakalekale, galasi lake likhoza kusowa."

Wamalondayo anawadula pakamwa. "Mami, iyi makina ili che bwino maningi, ni galasi chabe inapwanyika. Ngati mulibe ndalama, namvela muli na njinga."

Tsono apa ndi paja ndinati mudikire kukalipa. Njinga ija munandigulira nditapuma ntchito, yobiriwira ija, ndinapereka. Inali chikolekere kuchipinda chiyambireni maso kuvuta, matayala ataphwa, ndipo nthawi zonse ndikaigunda ndi phewa inkandikumbutsa kumene sindidzapitanso ndekha. Ndinayenera kukufunsani, ndikudziwa. Sindinakufunseni chifukwa ndinkadziwa yankho lanu. Pomwe munthuyo ankaikankha kutuluka nayo pabwalo, belu linalira lokha pa bampu, ndipo mtima unandipweteka kwambiri.

Dzuwa lisanalowe Kamwendo yense anali atamva. Kumjigo akuti Esitele wasinthitsa chamoyo ndi chakufa. Ena akuti shuga wafika kumutu. Mkulu wina wa kumphakati wathu anachita kubwera kudzandikhazika pansi, n'kundiuza mwaulemu kuti safunsa anadya phula. Ndinamuthokoza, ndinamupatsa mtedza, koma nanenso ndinali nditayamba kuganiza chimodzimodzi.

Tsiku limene a Joe anaitsegula mkati anandiitana kuti ndikakhalepo, akuti mwini wodwala sachoka pachipatala. Anatulutsamo fumbi lochuluka ndi mazira a mphemvu, n'kupukuta kafani kotulutsa kamphepo kaja mpaka chifuwa chinatha. Atamaliza anandigwira chala n'kunena kuti, "Gwirani apa, koma pang'onopang'ono, ngati mukugwira liwombo la khanda."

Achimwene, ine ndagwiritsa ntchito makina zaka zonsezi koma sindinkadziwa zimene zili m'mimba mwake. Chala changa chinayenda pa kathabwa kosalala kodzaza ndi timibulu, tina tochepa kuposa njere ya mawere, tondandalikidwa bwinobwino mopanda kamodzi kosokera. A Joe ankanditchulira kuti aka kamakumbukira, aka kamawerengera, aka kamagawa moto, ndipo timizere tomwe chikhadabo changa chinkakola ndi njira zomwe mauthenga amadutsamo. Ndinawafunsa kuti anaika timeneti ndani, ndi zala zotani? Anati nawonso amadzifunsa. Chala ndinachisiya pomwepo, ndikuganiza kuti ngati munthu wopangidwa ndi dothi angachite izi, nanga amene anamupangayo?

Koma kudabwa sikukonza galasi. A Joe anafunsa ku Lilongwe, anatuma anthu ku Chipata, anaimba mafoni mpaka mayunitsi kuwathera. Lina linabwera koma linali losalingana, anabweza. Lina linapezeka, koma mtengo wake unali woti kuli bwino kungogula kompyuta ina yamoyo. Apo n'kuti atapezanso kuti batire ndi lakufa, makinawo amayenda pokhapokha chingwe chili kukhoma. Masabata ankapita, ndipo inu munkaimba foni kufunsa ngati ndayamba kulongedza, ine n'kumayankha kuti eya, pang'onopang'ono.

Pofuna kutithandiza, a Joe anailumikiza ku tivi ya m'shopu mwawo kuti tiyesere zimene tinapangana ndi Tiyanjane. Ndinakhala pampando, ndinaika zala pamzere wapakati, ndipo zinapeza malo ake ngati sizinachokepo. Ndinatayipa mzere umodzi n'kufunsa, "Zili bwanji?"

Tiyanjane anati, "Dikira."

Ndinadikira. Ndinamva akukoka mpando kuyandikira tivi, kenako kuubwezanso m'mbuyo.

"Iwe, werenga!"

"Msuweni," anatero, "ndikunamize chifukwa chiyani? Zilembozi zikungovina. Ndikuona ngati nyerere zili paulendo."

Nkhalamba ziwiri, ina yosaona, inayo yoona theka koma yobisa! Zinadziwika tsiku limenelo kuti ngakhale nyimbo za m'buku amangoimba za pamtima, buku amangoligwira kuti anthu amuone. Tinakangana, tinaseka, kenako kuseka kunatha. Ngakhale atapeza mandala, Tiyanjane ali ndi munda ndi zidzukulu, sangakhale tsiku lonse pambali panga, ndipo tivi ndi ya a Joe, amayeserapo zinthu za makasitomala. Nzeru yathu yonse inathera pomwepo.

Patapita masiku a Joe anabwera kunyumba, anakana mpando, anakhala pakhonde. "Amayi, ndakulakwirani. Ndikanakuletsani tsiku lija. Kuli mnzanga kuboma amagula zakufa n'kumachotsamo masipeya. Zomwe apereke sizingabweze njinga, mwina tayala limodzi, koma kusiyana n'kutaya zonse."

Ndinavomera. Ndinawauza kuti sanalakwe, anandichenjeza ndine ndinaumirira. Ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti asanaiphwasule ndikaigwireko komaliza. Mwina mudzaseka, koma ndinkafuna kutsanzikana ndi ntchito yanga, chifukwa ndinadziwa kuti ku Zomba palibe adzandipatse makina.

M'mawa mwake Tiyanjane ananditengera kukontena. A Joe anaiyatsa, tivi osalumikiza n'komwe, pakuti inali ya chiyani? Ndinatayipa Atate Athu yense, mawu akupita kumene sindikudziwa. Nditamaliza ndinayala manja onse awiri pamabatani monga umachitira posisita munthu amene ukusiyana naye, ndipo sindikudziwa kuti ndinadina ati pamodzi.

Munthu analankhula m'makinamo.

Anali mawu a mzimayi, m'Chingerezi, odekha ngati wa pa wailesi. Tiyanjane anakuwa kuti, "Mayi Maria!" n'kugwetsa mpando, ndipo ndinamva patapata wake akuthera panja. Ine manja anali akadali pamabatani. Koma a Joe anangoseka.

"Aa, musaope amayi, ndi kachinthu kovuta aka. Anthu amakadzutsa mwangozi, ndiye amabwera kuno akuti makina alowa ziwanda, ine n'kuwazimitsira. Ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Tachotsani manja ndikaphe."

Pochotsa manja chala chimodzi chinagunda batani, ndipo mzimayi uja anatchula chilembo chomwecho. Ndinagunda lina dala. Anatchulanso. Ndinamva mkono wa a Joe ukudutsa paphewa langa, ndipo ndinaugwira ndi mphamvu zomwe sindinkadziwa kuti ndikadali nazo.

"Musakhudze," ndinatero.

Ndinatayipa dzina langa pang'onopang'ono, iye akunditsatira chilembo ndi chilembo. Ndinalakwitsa dala, ndinamva cholakwikacho, ndinafufuta, anandiuza chimene ndafufuta. Achimwene, kuchokera tsiku lomwe maso anazima, kanali koyamba kuti ndichite chinthu n'kudziwa ndekha kuti ndachita bwino, popanda kufunsa munthu. Misozi inkagwera pamabatani, ndipo ndinachita kubweza mutu m'mbuyo poopa kuti makina angamwe madzi amene a Joe amawaopa aja.

Kenako ndinamva a Joe akukhala pansi, pasimenti penipeni, munthu wamkulu thupi ngati uja. Mawu awo a besi aja anatuluka ang'onoang'ono.

"Mayo ine. Ndiye kuti kameneka anakaikamo dala. Anaikira anthu ngati inu. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikukapha, anthu n'kumandithokoza. Ndipo mwezi wonsewu ndathamanga Lilongwe ndi Chipata kufuna galasi, galasi la ndani?"

Tonse atatu sitinaganizepo zimenezo, ngakhale ine mwini wake. Tinazolowera kuti kompyuta ndi chinthu choyang'ana, ndiye tinkalira maliro a chiwalo chokhacho chimene ine ndilibe nacho ntchito.

Chimene chimandisowetsa mawu mpaka lero ndi ichi. Kwinakwake kutali, kudziko lomwe sindidzapondako, munthu wina anakhala pansi n'kuganiza kuti tsiku lina makina awa adzagwiridwa ndi wosaona. Sakundidziwa, Kamwendo sanamvepo. Pomwe ankaika mawu amenewa, ine n'kuti ndikuona bwinobwino, ndikupalasa njinga kupita ku Ludzi, osadziwa chimene chikubwera. Mawuwo anakhala chete mkatimo zaka zonse, anayenda m'manja mwa mphunzitsi wa ku Chipata, anagwa panjinga yamoto, galasi linasweka koma iwo ayi, anapirira fumbi ndi mphemvu, mpaka anandipeza. Ine sindine wophunzira za Mulungu ngati a ku Kachebere, koma ngati chimenechi si chisomo, ndiye sindikudziwa kuti chisomo n'chiyani.

Tiyanjane anabwerera ndi gulu la anthu, ena atanyamula makolona. Atamvetsa chimene chikuchitika anaima pakhomo manja m'chiuno, ndikudziwa chifukwa ndi mmene amaimira akafuna kulalika, n'kunena kuti, "Mwaona? Ukaipa dziwa nyimbo. Ine ndinanena kale kuti makina awa ndi abwino." Bodza lake silimuchititsa manyazi mkazi ameneyu.

Chingerezi mzimayiyu amawerenga bwino, koma Chichewa amachitchula ngati wansembe wachizungu amene wangotsika ndege dzulo. Anthu anaseka mpaka kugwirana. Amayi omwe aja ankandinena kumjigo anayamba kukankhana, "Tayipani langa! Tayipani la mwana wanga!" ndipo aliyense akamva dzina lake litapotozedwa ankakuwa ngati wapambana mpikisano. Gulu litachepa ndinatayipa dzina la amayi athu, Anasi. Analitchula mokhota, koma analitchula. Ndinazindikira kuti chiwaikireni m'manda sindinamvepo munthu akutchula dzina limeneli mokweza, tonse timangoti malemu. Ndinamubwerezetsa kangapo.

Ndisakunamizeni kuti kuchokera pamenepo zonse zinayenda myaa. Poyamba mzimayiyu ankalankhula mothamanga ndipo ankanena zinthu zambiri zomwe sindinamufunse, moti mutu unkandiwawa. A Joe anamuchepetsa liwiro, anafufuza pa intaneti mmene osaona anzanga amachitira, n'kuikamo pologalamu ina yaulere yomwe imamveka bwinoko. Madzulo akatseka shopu ankabwera kudzandiwerengera kuti batani ili ndi ili limachita chakuti, ine n'kuloweza ngati katekisimu. Anandipatsanso timahedifoni ta m'makutu. Ndalama ya ntchito yawo anakana, akuti akulipira mlandu wa onse amene anawapha aja.

Batire lija linandiphunzitsa mowawa. Tsiku lina ndinatayipa kuyambira m'mawa malamulo a gulu la amayi a banki mkhonde, ndipo ndili pafupi kumaliza magetsi anangoti phethi. Zonse zinapita. Ndinatukwana mawu omwe ndinakaulula Loweruka lake. Panopa ndikatha ndime iliyonse ndimasunga, ndipo kalata inoyi ndayisunga kambirimbiri moti chala chaching'ono chatopa.

Ntchito yeniyeni inabwera ndi a Gerald, ahedi a kasukulu kena kapulaiveti kuno. Vuto lawo ndi lakuti mayeso akapita kotayipitsa, ana amaunjikana pazenera n'kumawerenga pagalasi, ndipo pofika tsiku lolemba kalasi yonse imakhala ikudziwa mafunso. Atamva za ine anabwera mokayika. Ndinawamva akuzungulira kumbuyo kwanga, akuwerama uku ndi uku, kufuna kuona ngati pagalasi losweka lija pangaoneke kanthu. Kenako anaomba m'manja.

"Amayi, apa ndiye palibe wobera. Ngakhale ine mwini mayeso sindikuona kalikonse!"

Ndiye timatseka chitseko, iwo amandiwerengera motsitsa mawu, ine ndimatayipa timahedifoni tili m'makutu, pomaliza amatenga pafulashi n'kukasindikiza okha. Ulendo woyamba anabwerera ndi mapepala atazunguliza malo ochepa ndi cholembera, tinakonza, ndipo anena kuti mayeso a teremu ya mawa ndi anga. Abweranso ena a ukwati, ndi mnyamata wa ku esiteti wofuna kalata yofunsira ntchito ya ulonda. Si zambiri, koma mwezi uno mayunitsi a magetsi ndi sopo ndagula ndi thukuta la zala zanga, penshoni osaikhudza. Tsiku logula zimenezi ndinayenda pamsika mutu uli m'mwamba, moti Tiyanjane anati ndichepetse matama ndingagwere m'ngalande.

Mwina alamu kapena ana afunsa ngati n'chanzeru kugula kompyuta yowonongeka kuti ukonzetse. Muwauze kuti ine ndati kwa munthu wamaso, ayi, pokhapokha ali ndi wake Joe woinunkhiza ndipo sipeya yake waipeza kale asanapereke kanthu. Pakanakhala wina aliyense pa Kamwendo pano, njinga ikanapita pachabe ndipo anthu akumjigo akanakhala kuti ananena zoona. Ngakhale ineyo a Joe sanandilonjeze kanthu. Akuti makinawa ndi okalamba, amatentha, akhoza kukhala zaka kapena kufa mawa. Ndayamba kuika padera kangachepe kuti akadzafa ndidzafune ena, ndipo a Joe akuti osweka galasi ndi osasowa, eni ake amachita kuwataya. Chimene ndapeza sichili m'makina awa okha, chili mwa onse, ndipo tsopano ndikudziwa pochidzutsira.

Pali china chimene mukamve kwa ine musanamve kwa Tiyanjane. Sabata yatha ndinagunda chitseko cha kukhitchini ndi chipumi, panatupa. Wina anachisiya chotsegula theka. Sindikubisa kuti kukhala wosaona n'koopsa, ndipo makina olankhula sangandichotsere mphika pamoto. Tagwirizana kuti Tiyanjane asamukire m'chipinda chakumbuyo, popeza nyumba yake ikudontha ndipo udzu wakwera mtengo. Moto ndi wake, ine sindiyandikirako. Madzi a tiyi amandithirira m'fulasiki m'mawa asanapite kumunda. Tizitukwanana tsiku ndi tsiku, koma ndi mmene takhalira kuyambira tili ana, ndipo palibe anafapo nazo.

Achimwene, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndalemba zonsezi. Kutha kwa mwezi mubwerebe, ndakusowani, ndipo ndikufuna mudzakhale pampando uwu ndikutayipireni dzina lanu mumve mmene mzimayiyu adzaliphere. Za njinga mudzandikalipire pamaso, ndidzamvetsera mutu uli pansi. Koma ndikupempha kuti mubwere paminibasi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Caroline. Muwauze kuti ndinamva kuti anachotsa makina awo osokera m'chipinda chija, anakolopa, anagulanso bulangete latsopano chifukwa cha ine. Si akazi onse angachitire mlamu wawo zotere, ndipo sindidzaiwala mpaka imfa. Asaganize kuti ndanyoza dzanja lawo. Moni kwa Lonjezo, alimbikire sukulu, ndi kwa Tadala, amene ndamva kuti anali atayamba kale kuphunzira kuyenda ndi munthu wosaona pomumanga mng'ono wake nsalu kumaso. Mumupsompsonere pachipumi mwana ameneyo. A Joe akuti moni, ndipo Tiyanjane akuti mumubweretsere mandala, apo ayi musabwere.

Katundu ndinamanga kale, monga munanenera. Matumba ali pakona pabalaza, ndimawakhudza ndikamadutsa. Dzulo ndamasula limodzi lokha, la makatani, chifukwa anthu obwera ndi ntchito amandiuza kuti m'nyumba mukuoneka ngati mwachitika maliro. Enawo ali chimangire, akudikira mawu anu. Mukadzabwera n'kuona zonse ndi maso anu, n'kunenabe kuti tiye, ndidzanyamuka. Sindidzakuchititsani manyazi pa anthu, ndinu nokha amene ndatsala nanu.

Koma achimwene, chonde, musadzanene.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Esitele.